Namzeze wa Mitima Iwiri

Tsiku lotulutsa zotsatira za mayeso, Nsato anadzuka n'kupeza mapasa ake atasamba kale, atakhala pa mpando umodzi pabalaza, foni ili pakati pawo. Anawafunsa ngati anagona bwino, ndipo Phokoso anayankha kuti anagona bwino onse. Anafunsa ngati amwa tiyi, Phokoso anati amwa onse. Chete anangomwetulira, uku akukoka ulusi wa m'mphepete mwa khushoni. Zinali choncho kuyambira ali makanda. Phokoso ankalira mokwanira ana awiri, ndipo atayamba kuyankhula anangodzipatsa ntchito yoyankhira awiri. Kwa mayi wotanganidwa zimenezi n'zokoma, tisanamizane. Ufunsa kamodzi, wamva za atsikana onse, watenga chikwama n'kumapita.

Lero chomuthamangitsa chinalipo. Masana, 12 koloko ikakwana, mwana aliyense amene analemba mayeso atumiza nambala yake pafoni n'kulandira uthenga womuuza ngati wasankhidwa, komanso sukulu imene akupita. Amene analemba pulogalamu yoyankha ana amenewo anali Nsato yemweyu, ndi zala zakezi. Phokoso anamutsekereza pakhomo n'kuyamba kumunyengerera kuti akangosuzumira pang'ono chabe, atumize kankhope komwetulira basi, palibe amene adziwe. Nsato anamukumbutsa kuti kuntchito kwawo munthu salemba nambala ya mwana weniweni nthawi isanakwane, kaya mwanayo ndi wako kaya ndi wa abwana.

"Sindisuzumira," anatero akuvala nsapato. "Koma ndikulonjezani chimodzi. Zimene foniyo inene masana ano zikhala zoona."

Ofesi yawo inali pamwamba penipeni pa nyumba ya bungwe la mayeso, kachipinda ka windo limodzi losatsekeka bwino, ketulo yothimbirira, ndi matebulo atatu, lililonse loyang'ana khoma lake. Dzina la Nsato silinachokere ku ukali, ngakhale ukaliwo analinso nawo wokwanira. Iye ankalemba mapulogalamu m'chilankhulo chotchedwa Python, chimene chizindikiro chake ndi njoka. A Khofi, bambo wa imvi m'mbalimu amene anamupeza pantchitopo, ankalemba mu Java, ya chizindikiro cha kapu ya khofi yofuka nthunzi. Mfuko ankalemba mu Go, ya kanyama ka mano awiri kokumba pansi, ndipo mano ake akutsogolo sanamuthandize kukana dzinalo. Atatuwa ankakondana ndithu, koma aliyense ankaona chilankhulo cha mnzake ngati matenda amene adzachira tsiku lina.

Zotsatira za mayeso sizikhala m'kompyuta imodzi. Zimakhala m'maseva angapo, makompyuta olemera opanda sikirini a m'chipinda chozizira kumapeto kwa kolido, seva iliyonse ndi kope lake, kuti ana zikwizikwi akafunsa nthawi imodzi, masevawo azigawana katunduyo. Pulogalamu ya a Khofi ndiyo inkaonetsetsa kuti seva iliyonse yalandira zotsatira, ndipo inkazindikira maseva ndi nambala yobadwa nayo, chinambala chachitali cholembedwa m'disiki tsiku limene sevayo inayamba ntchito. Ya Nsato inkalandira mafunso a pafoni n'kuwagawira maseva potsata maadiresi a pa netiweki. Ya Mfuko inkamvetsera ngati seva iliyonse ili moyo, ndipo iye anawapatsa mayina a mbalame: Khwangwala, Kadzidzi, Njiwa, Namzeze ndi ena otero. Zinali ngati munthu amene ali ndi dzina la kusukulu, la kumpira ndi la kwa amayi ake. Palibe anali atakhalapo pansi kulumikiza mayinawo, poti aliyense ankadziwa mumtima mwake kuti lake ndilo lenileni.

Mmawa wa tsiku ngati limeneli anali ndi kamwambo kawo. Popeza nambala ya mwana weniweni inali yoletsedwa, anadzipangira mwana wongopeka wa nambala ya maziro okhaokha, Mwana wa Ofesi, amene ankalemba mayeso chaka chilichonse n'kusankhidwa ku sukulu yapamwamba kwambiri osakula. A Khofi ankati ndiwo bambo wake, Mfuko malume. Anasonkhana kumbuyo kwa mpando wa Nsato, iye n'kulemba maziro aja, ndipo yankho linabwera mofulumira ngati kuphethira: wasankhidwa. Anawomba m'manja, a Khofi anavina pang'ono ndi mapewa okha monga ankachitira chaka ndi chaka, Nsato mtima unagwa pansi. Mfuko, chimwemwe chitamukwera m'mutu, anawerama n'kudinanso batani kuti aonenso mphwake akukhoza.

Yankho linati sanasankhidwe.

Mfuko anaseka kaye, kenako kuseka kuja kunamuumira pakamwa. Nsato anamukankha ndi chigongono, nalemba timizere titatu toti funsolo lipite kambirimbiri motsatizana. Mayankho anatsika pasikirini ngati mvula: wasankhidwa, wasankhidwa, wasankhidwa, kenako apo ndi apo, sanasankhidwe. Anawazindikira mawuwo. Mwezi watha poyeserera anadzaza maseva ndi zotsatira zabodza zimene mwana aliyense anali wosasankhidwa, ndipo zabodzazo zinayenera kufufutidwa pamene zenizeni zinalowa. Seva ina yake inali ikadali nazo, ndipo masana ano iuza mwana aliyense amene funso lake ligwere kwa iyo kuti walephera.

Apa Nsato anachita mantha enieni. Sankaganiza za manyuzipepala kapena za kalata yomuchotsa ntchito. Ankaona mtsikana ali pakhomo, bambo ake ataimirira kumbuyo kwake, akuwerenga mawu amenewo. Phokoso akanafunsanso kakhumi mpaka foni itatentha. Koma pali ana ena amene safunsa kawiri, amangoika foni pansi n'kukalowa kuchipinda, ndipo mmodzi wa ana oterowo anamusiya pabalaza akukoka ulusi wa khushoni.

Ndiye mukanaona mmene anthu atatu anathamangira kumakoma awo! Aliyense anatembenukira sikirini yake n'kuyamba kufuulira khoma. A Khofi anati pulogalamu yawo ikunena poyera kuti maseva onse analandira zotsatira zenizeni, ndiye njoka ndiyo yameza china chake. Mfuko anati mbalame zake zonse zili bwino, zobiriwira, makamaka Namzeze amene masiku ano wachita kunyanya khama. Nsato anawauza kuti khofi wawo wazizira ndipo mbalamezo aziwotche, chifukwa bodza lili pasikirini pake, akuliona ndi maso. Anakangana choncho kwakanthawi, nthawi ikutha, aliyense akunena zoona zake. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nsato anasiya mkangano, anafunsa adiresi iliyonse payokhapayokha za Mwana wa Ofesi, ndipo wabodzayo anagwidwa: adiresi yothera ndi 17.

Anatembenuza mpando mokondwa n'kuwauza kuti achotse 17. A Khofi anafunsa kuti 17 ndiye ndani, iwo sadziwa munthu wotero, awapatse nambala yobadwa nayo. Mfuko anafunsa kuti ndi mbalame iti. Nsato anatsala pang'ono kuwagenda ndi kapu. Anati mwa maseva asanu ndi anayi, munthu angalephere bwanji kupeza imodzi?

"Asanu ndi atatu," anatero a Khofi.

"Asanu ndi atatu, asisi," anavomereza Mfuko. "Mbalame zanga ndimazidziwa."

Nsato anawerenga maadiresi ake ndi chala pasikirini, ngati mwana wa sitandade wani. Asanu ndi anayi. Ananyamuka n'kukaima kumbuyo kwa Mfuko, chinthu chimene sanachitepo zaka zonse anakhala m'chipindamo, n'kuyang'ana mbalame zija. Pafupi ndi dzina lililonse panali kadontho kobiriwira kamene kankathwanima nthawi iliyonse sevayo ikatumiza uthenga woti ndili moyo, ndipo Mfuko ankautcha kugunda kwa mtima. Khwangwala, phethi, phethi, mosafulumira. Njiwa chimodzimodzi. Koma Namzeze ankathwanima mothamanga, kawiri pamene anzake athwanima kamodzi. Mfuko anafotokoza monyadira kuti wakhala akutero kwa mwezi tsopano, mbalame yolimbikira, sanaonepo yotere.

Nsato anayang'anitsitsa kadontho kothamangako. Anakumbuka ali chigonere pabedi la kusikelo zaka zapitazo, namwino atamuika chomvera pamimba, akukwinya nkhope n'kumati mtima wa mwanayu ukuthamanga kwambiri. Anasuntha chomvera chija uku, anasuntha uko, kenako anaseka n'kuitana mnzake kuti adzamve.

"Si khama limenelo," anatero Nsato mwachimwemwe. "Ndi mitima iwiri. Namzeze ndi mapasa."

Anafunsa 17 dzina lake, inati Namzeze. Anaifunsa nambala yobadwa nayo, a Khofi anaiwerenga atavula magalasi n'kuvalanso, ndipo inali ya Namzeze, manambala onse mpaka kumapeto. Anafunsanso adiresi ina, nayonso inati Namzeze, nambala yomweyo. Zonse zinagwera m'malo mwake. Pulogalamu ya a Khofi ikaitana Namzeze kuti walandira kodi, weniweniyo ankayankha kuti eya, ndipo yankho limodzilo linkakwanira awiri. Winayo palibe anamufunsapo kanthu mwezi wathunthu. A Khofi anamenya tebulo n'kunena kuti zimenezi n'zokongola, zokongola kwambiri, asanakumbuke kuti n'zoopsa.

Chitseko chinatseguka n'kulowa abwana, amene onse ankawatcha a Tayi chifukwa ngakhale Loweruka ankabwera atamanga pakhosi. Anadzaona ngati Mwana wa Ofesi wakhoza. Atamva za seva yachisanu ndi chinayi nkhope yawo inawala, ndipo anati aha, mwaipeza. Mwezi watha, atatuwa ali ku maphunziro a sabata imodzi, iwo anaitana amisiri akunja kuti awonjezere seva ina yothandiza pa tsiku lalikululi, ndipo amisiriwo anati n'zosavuta, angokopera disiki ya seva yabwino kwambiri yonse mmene ilili. Sanauze munthu chifukwa ankafuna awadabwitse. Inde, anawadabwitsadi. Atafunsidwa kuti sevayo ili pati, a Tayi anati iwo m'chipinda chozizira salowamo, mumawayambitsa chimfine.

Nsato anati angoizimitsa 17 ali pompano. Mfuko anakanda mutu n'kumukumbutsa kuti pulogalamu yake ya mbalame ija, imene ankaitamanda kuti imadzutsa akufa, idzaiyatsanso nthawi yomweyo, ndipo ikadzuka idzalandira adiresi ina n'kusowanso pakati pa anzake. Panafunika munthu apite akazule waya ndi dzanja. Koma a Khofi anakweza chala. Mwa maseva onse, imodzi imakhala mtsogoleri amene ena amakopera kwa iye, ndipo chaka chino mtsogoleri anali Namzeze. Enawo anagwirana ndi weniweniyo kalekale ndipo samusiya bola akuyankha. Koma ukazula iyeyo molakwitsa, adzafunafuna Namzeze, adzapeza wabodzayo, ndipo asanathe mphindi onse adzakopera bodza lake. Pamenepo ndiye dziko lonse la ana lidzalephera mayeso, osatsala ndi mmodzi yemwe. Khoswe anali atakhala pamkhate.

A Tayi anayang'ana wotchi, namasula tayi pang'ono, chinthu chimene palibe anachionapo. Anati wailesi yalengeza kale nthawi, ndipo makolo ali ndi mafoni m'manja. Nsato sanadikire kuti amalize. Anazula laputopu yake pamagetsi n'kuthamanga mukolido, a Khofi ndi Mfuko pambuyo, a Tayi kumapeto atatseka mphuno ndi mpango.

Chipinda chozizira chinali cha phokoso ngati chigayo chakutali, ndipo pamsomali wa pakhomo pankakhala juzi yofiira yakale yosadziwika mwini wake, imene aliyense ankavala akalowa. Nsato anaivala chothamanga. M'makabati awiri achitsulo munali mabokosi akuda oposa makumi awiri, ofanana ngati njerwa, ena a zotsatira, ena a makalata a bungwe, ena a zinthu zimene anthu anaiwala. Mfuko anali atamata mayina a mbalame zake bwinobwino, ndi zilembo zokongola, koma anawamata pa mashelefu osati pa mabokosi. Tsiku limene denga linadontha anthu anasamutsa mabokosi onse mothamanga n'kuwabwezera mmene manja anafikira. Pa shelefu yolembedwa Namzeze panali bokosi lozimitsidwa, lozizira, lokhala ndi kangaude.

A Khofi anayenda m'mbali mwa kabati, manja kumbuyo, n'kuima pa bokosi lina lonyezimira, lopanda fumbi, kapulasitiki kakufakitale kakadali pakona. Anati nkhani yatha, mlendo ndi uyu, seva yobwera mwezi watha siingakhale ina. A Tayi anavomereza msangamsanga ali pakhomo kuti n'zomveka, azule basi. Mfuko anati nayenso akuona choncho. Dzanja la a Khofi linapita kumbuyo kwa bokosilo n'kugwira waya wabuluu.

"Musazule," anatero Nsato. "Achimwene, chonde. Ine ndinasinthanitsapo ana anga enieni m'beseni chifukwa chokhulupirira nkhope. Tiyeni timufunse yekha atuluke."

Anakhala pansi pa simenti yozizira, laputopu pamaondo. Seva iliyonse inali ndi kathireyi koikamo ma CD kutsogolo kwake, kamene palibe anakagwiritsapo ntchito kwa zaka zambiri. Ali kuyunivesite, iye ndi anzake ankaseweretsa anyamata a m'kalasi powatsegulira timathireyi timeneti ali kutali, mpaka wina analumbira kuti kompyuta yake ili ndi ziwanda. Sanaganizepo kuti chibwana chimenecho chidzamudyetsa tsiku lina. Anauza Mfuko atsegule zitseko zonse za makabati, analowa mu 17, nalemba lamulo la mawu amodzi loti itulutse thireyi. Onse anayang'ana bokosi lonyezimira lija.

Palibe chinachitika. A Tayi anatsokomola. A Khofi anati mwaona, nthawi ikutha, ndipo zala zawo zinafinya kamutu ka waya kaja. Koma Mfuko anakweza dzanja kuti onse akhale chete, anapendeketsa mutu, kenako anagwada, n'kugona chafufumimba pansi monga dzina lake linenera. Anati chinachake chikukukuta kumunsi kuno, asisi atumizenso. Nsato anadina. Kunamveka kukwekwesa, ngati munthu akukoka mpando, ndipo pa shelefu yomalizira penipeni, yolembedwa Makalata Akale, chibokosi chathimbirira cha fumbi chinatulutsa kathireyi kake theka, pang'onopang'ono, ngati mwana wamwano akutulutsa lilime.

Mfuko anakuwa ali chigonere. Nsato anatseka thireyiyo ali pa laputopu n'kuitsegulanso, kuti pasakhale kukayika, ndipo lilime lija linalowa n'kutulukanso. Amisiri aja sanabweretse bokosi latsopano ayi, anatola lakale mosungira katundu wa bungwe n'kulikopera disiki. Lonyezimira lija, limene a Khofi anagwira waya wake, Nsato analiuza nalonso litulutse thireyi kudzera pa adiresi inayo, ndipo linatulutsa mwaulemu. Anali Namzeze weniweni, mtsogoleri. A Khofi anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono, analiyang'ana ngati la munthu wina, n'kuliika m'thumba.

Nsato anakoka ulusi pa mkono wa juzi yofiira ija, anaudula ndi mano, n'kuumanga pa chogwirira cha bokosi lafumbilo. Ndi mmene anachitira kuchipatala tsiku lachiwiri, pa kamkono ka Chete, kuti asayamwitse mmodzi kawiri wina n'kugona ndi njala. Kenako anagwada pambali pa Mfuko, anatsata waya ndi chala kuchokera pa bokosi la ulusi mpaka kumapeto, napuma mpweya wambiri, n'kuzula.

Anathamangira ku ofesi ngati ana otuluka m'kalasi. Pasikirini ya Mfuko, Namzeze anali akuthwanima modekha, phethi, phethi, limodzi ndi Khwangwala ndi Njiwa. Nsato anatumizanso mafunso a Mwana wa Ofesi, mazanamazana, ndipo onse anayi anawerama kuwerenga mzere ndi mzere mpaka maso kulira. Wasankhidwa, kuyambira pamwamba mpaka pansi. A Khofi anavina, tsopano ndi thupi lonse, mpaka anagwetsa basiketi ya zinyalala. Analumbira kuti kuyambira Lolemba seva iliyonse idzakhala ndi dzina limodzi lodziwika m'zilankhulo zonse zitatu, lomatidwa pa bokosi penipeni, ndipo anavomera ngakhale mayina a mbalame, zimene zinamuliritsa Mfuko pang'ono. A Tayi anamanganso tayi n'kutsikira kwa atolankhani.

Panatsala kanthawi kochepa, ndipo kanthawi kameneko ndi kamene kanamuvuta Nsato kuposa mmawa wonse. Amuna aja anali pa ketulo, misana itamutembenukira. Pasikirini kabokosi kolembamo nambala kanali kopanda kanthu, kakumuyang'ana. Manambala a mapasa ankawadziwa pamtima kuposa nambala ya foni yake, ndipo zala zinayamba kuyabwa. Palibe akanadziwa, Phokoso sananame. Nsato anakhalira manja ake onse awiri, n'kumayang'ana windo losatsekeka lija mpaka wotchi ya pakhoma inafika pa 12 koloko.

Nthawi itakwana mafunso analowa ngati madzi osefukira, manambala akuthamanga pasikirini osawerengeka, mbalame zisanu ndi zitatu zikusenza katunduyo osadandaula. Kunja pamsewu wina anayamba kuimba hutala, ndipo m'nyumba yoyang'anana nayo mayi wina anatuluka pakhonde la pamwamba akulumpha, foni m'mwamba. Nsato anaseka misozi ikutsika. Foni yake inalira asanamalize kupukuta nkhope.

Anachita kuichotsa pakhutu. Phokoso ankakuwa kuti asankhidwa, onse awiri asankhidwa, amayi akumva kodi, onse. Nsato anaimirira n'kubwereza mawuwo mokweza, ndipo a Khofi ndi Mfuko anamukumbatira pamodzi ndi juzi yofiira ija, tiyi n'kutayikira pansi. Koma Phokoso anali asanamalize. Mawu ake anasintha, anayamba kuthamanga ndi kulira. Anati makina a amayi alakwitsa. Iye wapita ku sukulu imene anasankha onse awiri, ya m'tauni muno, koma Chete amuponya ku sukulu ina yogonera komweko, kutali, yoti basi imayenda tsiku lathunthu. Anati afunsenso, akonze, chifukwa iwo sanagonepo zipinda zosiyana.

Nsato anayang'ana pasikirini. Mwina mwa masevawo munali mapasa ena amene sanawaone? Tsopano lamulo linali litatha mphamvu. Anakhala pansi, foni ataipana ndi phewa, nalemba nambala ya Chete n'kufunsa seva iliyonse payokha, Khwangwala, Kadzidzi, Njiwa, mpaka Namzeze. Zonse zisanu ndi zitatu zinanena dzina la sukulu yomweyo yakutali. Bodza analizula yekha ndi dzanja lake, ndipo pankafunika auze mwana wake kuti palibe choti akonze. Asanapeze mawu, kunamveka kulimbirana foni, kenako mpweya wa munthu wina.

"Amayi," anatero Chete. "Musawavutitse makinawo, sanalakwe. Sukulu imeneyo ndinasankha ndekha."

Nsato anafunsa kuti liti, bwanji, nanga osamuuza mayi ake.

"Munafunsa kuti tasankha kuti," anatero Chete mofatsa, wosakwiya n'komwe. "Phokoso anayankha."

Manyazi anamugwira Nsato mpaka m'makutu munatentha. Analikumbuka tsikulo. Anali pakhomo, chikwama paphewa, makiyi m'manja, ndipo yankho limodzi linamukwanira. Anayang'ana chala chake. Kachidutswa kotsala ka ulusi wofiira kanali kadakali pomwepo, anakazunguliza osadziwa pamene ankathamanga mukolido. A Khofi, amene anamva zokwanira, anakoka Mfuko pamalaya n'kunena kuti apite akaone ngati m'chipinda chozizira anatseka makabati, ndipo anatuluka n'kukoka chitseko mwakachetechete.

Nsato anapempha kuti foni aiike pa sipika. Anauza Phokoso kuti wamunyadira kwambiri, kuti za kugona zipinda zosiyana akambirana madzulo atatu onse, koma pakadali pano atuluke akauze aneba nkhani yabwinoyi, ndipo asafulumire kubwera. Phokoso anayamba kunena kuti iwo awiri apita limodzi. Nsato anati ayi, apite yekha. Anamva chitseko cha kunyumba chikumenyeka, kenako bata.

"Chete, mwanangu, khala pansi. Sukulu yakoyo kuli chiyani?"

Nsato anadzigwira kuti asamuyankhire. Kenako mwanayo anayamba. Anati kumeneko amaphunzitsa kujambula mapulani a nyumba ndi milatho, kuti anamva kwa mphunzitsi wa masamu chaka chatha, kuti kumapeto kwa makope ake onse kuli milatho imene anajambula, ina yokhota, ina yopachikika pa zingwe, ndipo umodzi akukhulupirira kuti ungaime ndithu utamangidwa. Mawu ake anali okulirapo kuposa mmene Nsato ankawaganizira, ndipo pa mawu ena ankachita chibwibwi pang'ono akasangalala, chinthu chimene mayi ake sankachidziwa. Pasikirini manambala a ana a eni ankathamangabe. Nsato anatembenuza mpando wake kuusiya khoma kumbuyo, anavula nsapato, n'kumufunsa kuti wa zingwewo ndi wautali bwanji.